A Kaliwo, mphunzitsi amene ankamenyera tulo

A Kaliwo anamwalira Lachiwiri masana ali m'basi yochokera m'tauni ya Dublin kupita ku Clondalkin. Dalaivala anayenda nawo mpaka kumapeto kwa ulendo, ndipo atawagwedeza paphewa anapeza atazizira kale. Mwezi uno chakwana chaka. Pamaliro pawo tinalipo ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo tinali anthu amene anatilalatirapo, kutithamangitsa pakhomo kapena kutigenda ndi chinthu. Ine ndinali m'gulu la ogendedwa. Chipsera chilipobe pamwamba pa diso langa lamanzere.

Ife a ku Malawi tinkawatchula kuti Aphunzitsi, anzathu a ku Zambia ankati ba Ticha. Anali munthu wamfupi, wachifuwa chotambalala, wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi awiri, ndipo manja awo anali ngati a munthu woswa miyala. Kumudzi anaphunzitsa Chingerezi ndi Chifalansa kusekondale. Ku Dublin anabwera poitanidwa ndi mwana wawo wamkazi, namwino, nthawi imene ntchito inkasaka anthu. Zinthu zitatembenuka, mafakitale akutsekedwa, nyumba zosamaliza kumanga zitangoima m'mbali mwa msewu, mwanayo anasamukira ku Australia. Iwo anakana kumutsatira. Anatsala m'kafulati pamwamba pa shopu yogulitsa matayala, ndipo m'mawa uliwonse ankakolopa maofesi amene anali asanatsekedwe.

Masana ankaphunzitsa ife. Tinali anamwino ochokera kumudzi ndi mapepala athu abwinobwino, koma kuno tinkangosambitsa ndi kudyetsa okalamba m'nyumba zowasungira, chifukwa tinali tisanakhoze mayeso a Chingerezi otilola kugwira ntchito yathu yeniyeni. Chingerezi tinkachilankhula tsiku lililonse. Chimene chinkatigwetsa chinali cholemba: pamene pafunika "the" ife n'kuika "a", nthawi yakale n'kuisakaniza ndi yatsopano, chiganizo n'kuyamba bwino koma osadziwa kumene chikathere. Ndipo pamene ntchito zinkachepa, aliyense ankadziwa kuti woyamba kuchotsedwa ndi wopanda pepala.

Chiphunzitso cha a Kaliwo chinali chimodzi, ndipo ankachibwereza mpaka tinkachinena nawo chamumtima. Ankati mawu ukhoza kuwaloweza paliponse, ngakhale utaimirira pa siteji ya basi, koma lamulo la galamala silikhazikika munthu ali maso. Masana umangoliona, umalilakwitsa, umakwiya nalo. Ukagona ndiye mutu umalitenga wokha, kulitembenuza, kuliyerekeza ndi malamulo ena amene unkawadziwa kale, n'kuliika pamalo pake. Mawa lake dzanja limalemba zolondola mwini wake asanaganize n'komwe. Ankati n'chimodzimodzi ndi masamu owerengera mlingo wa mankhwala, ngakhalenso malamulo apamsewu: chilichonse chimene chili ndi "koma", ndi "pokhapokha", ndi "ngati", chimafuna tulo.

N'chifukwa chake ankaphunzitsa lamulo limodzi lokha patsiku, ndipo sankakuyesa tsiku lomwelo. Ukawapempha kuti akuwonjezere lina ankatseka buku. Mayeso ankabwera mawa lake, utagona. Pakhomo ankaima ngati msilikali, n'kukoka chikope chako ndi chala kuti aone m'kati mwa diso. Likakhala lofiira unkabwerera pomwepo, ngakhale utakwera mabasi awiri kuchokera ku Blanchardstown.

Ine ndinawanamiza kamodzi. Ndinachoka kuntchito yausiku m'mawa, ndinakagwira maola ena kunyumba ya mayi wina wodwala, ndinamwa khofi makapu atatu, ndinathira timankhwala toyeretsa maso, n'kudutsa pakhomo bwinobwino. Dzulo lake anali atatiphunzitsa kusiyana kwa "since" ndi "for". Ndinalemba ziganizo khumi, ndinalakwitsa zisanu ndi ziwiri. Anayang'ana kope langa nthawi yaitali.

"Mayi Phiri, mwagona maola angati?"

"Sikisi, Aphunzitsi."

Kapu ya tiyi inali m'dzanja lawo. Sindinaione ikubwera. Ndinangomva kutentha kumaso, kenako magazi anayamba kudonthera pa ziganizo zija. Anzanga anaimirira, mipando inagwa. Iwo anatenga thaulo, anandiponyera pamiyendo, n'kunena kuti bodza la mtundu umenewo limawonongetsa nthawi ya anthu asanu ndi mmodzi. Ndinawatukwana ndi mawu amene sindinalankhulepo kwa munthu wamkulu, ndipo ndinalumbira kuti sindidzabweranso. Patatha masabata atatu ndinawapeza ataima pakhomo panga, mvula ikuwavumba, atanyamula kope lija m'pepala la pulasitiki. Anali atalichonga lonse, ndi malo amagazi omwe. Sanapepese. Anangofunsa ngati ndagona. Ndinabwerera chifukwa mayesowo ndinali nditalephera kale kawiri, ndipo kwa iwo okha ndi kumene ndinkaona zinthu zikusintha.

Sindikufuna kuwayeretsa. Anali munthu wankhanza. Foni ikalira m'kalasi ankaiponya musinki n'kutsegula mpope. Mnyamata wina wochita maphunziro apamwamba kuyunivesite anabweretsera mlongo wake zakumwa zija zoletsa tulo kuti awerenge mpaka m'mawa, ndipo a Kaliwo anamuwomba mbama pamaso pathu mpaka magalasi anathyoka. Kutchalitchi anakangana ndi abusa chifukwa cha mapemphero ochezera amene ankakonzera anthu oyembekezera mayeso. Anaimirira pakati pa zolengeza, n'kunena kuti Mulungu analenga usiku asanalenge m'busa, ndipo wofuna kupempherera ophunzira awo awapempherere masana. Akuluakulu ampingo atawagwira kuti awatulutse, mmodzi anagwera m'mipando ndi mphuno yotuluka magazi. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso m'tchalitchimo.

Esinati Tembo anayamba kubwera m'nyengo yozizira imene anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Anali wa ku Chipata, wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo mwa tonsefe ndiye ankagwira msanga. Amuna ake ankayendetsa chigalimoto chonyamulira katundu m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu, koma malowo anatsekedwa. Ankangokhala pakhomo kumamwa mowa kuyambira m'mawa. Esinati anatenga mashifiti ausiku, ndipo tulo take tinkayenera kukhala tam'mawa, asanabwere kwa Aphunzitsi thu koloko.

Mwezi woyamba zinayenda. Wachiwiri ziganizo zake zinayamba kuphwasuka. Lamulo limene analigwira Lolemba, Lachitatu linali litasowa. Tsiku lina a Kaliwo anamenya tebulo ndi chibakera, n'kudzuka dzanja lili m'mwamba. Esinati sanathawe. Anangopinda khosi, n'kuphimba mutu ndi manja onse awiri ngati munthu wozolowera. Duku linagwa. Khutu lake linali lotupa, lakuda, ndipo kumbuyo kwake kunali magazi ouma.

Aphunzitsi anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Anauza ena onse kuti azipita, koma ine anati nditsale.

"Mwana wanga, ndani?"

"Sinigona, ba Ticha," anatero Esinati, akuyang'ana pansi. "Nikafika panyumba afuna chakudya. Nikagona atsegula wailesi. Nikatseka maso anithira madzi. Akuti mukazi sagona mwamuna ali maso. Akuti nikapasa mayeso nizawasiya."

"Ndi liti munagona bwinobwino?"

"Sinikumbuka."

Kuyambira tsiku limenelo, phunziro likatha Esinati ankagona pa sofa ya m'chipinda chophunziriramo mpaka faifi koloko. Ine ndinalamulidwa kumatsala nthawi zonse kuti anthu asapeze chonena. A Kaliwo ankavula nsapato, n'kukhala patebulo kumachonga makope, ndipo ndikangokhosomola ankanditong'olera maso. Pasanathe masabata awiri ziganizo za Esinati zinayambanso kugwirana. Tsiku lina atadzuka analemba tsamba lathunthu lopanda cholakwa chimodzi, ndipo ndinaona Aphunzitsi akulibwereza kawiri, akufunafuna poti aikepo cholembera chofiira.

A Tembo, amuna a Esinati, anabwera Lachinayi, cha m'ma firii koloko, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti Esinati alembe. Tinamva chitseko chapansi chikumenyetsedwa kukhoma, kenako mapazi olemera pamasitepe. A Kaliwo anayang'ana pa sofa. Esinati anali atagona chafufumimba, dzanja likulendewera pansi. Anandikoka, tinatuluka, anandipatsa kiyi kuti ndikhome. Ndinakhoma, ndinabisa kiyiyo m'kamisolo.

Masitepewo anali opanikiza, ongokwana munthu mmodzi. A Tembo anali ndi zaka za m'ma fote, wamphamvu, ndipo fungo la mowa linafika iwo asanafike.

"Mudala, nifuna mukazi wanga manje manje."

"Akugona, a Tembo. Lankhulani motsitsa. Adzuka faifi koloko, mudzalankhula nawo ine ndili pomwepo."

"Agona pa bedi yako?"

"Pa sofa. Mayi awa ndi mboni."

"Choka panjira."

"Sindichoka."

A Tembo anawagunda ndi mutu pakamwa. Ndinamva mano akugwera pathabwa. A Kaliwo sanakuwe. Anawagwira palamba ndi manja onse awiri n'kudziponya kutsogolo, ndipo onse awiri anagubuduzika masitepe onse mpaka pansi. Woyamba kudzuka anali a Tembo. Anayamba kuwaponda m'nthiti ndi nsapato zantchito zachitsulo kutsogolo, kamodzi, kawiri, osasiya. Ine ndinatsika ndikukuwa, ndinawakoka jekete, anandikankha ndi chigongono ndinagwa chagada. Ndinkaganiza kuti mkuluyo wafa.

Pansipo panali kachitseko kolowera mu shopu ya matayala, ndipo pambali pake anali atatsamiritsa chitsulo chachitali chomasulira matayala a malole. A Kaliwo anachifikira ali chigonere. Anamenya pabondo. Linalira ngati nkhuni youma, ndipo a Tembo anagwa akubuula. Zikanathera pomwepo bwenzi ndikunena kuti mkuluyo ankangodziteteza. Koma anadzuka, magazi akutsika pachibwano mpaka pamalaya, n'kumenya pamkono. Anamenyanso pabondo lomwe lija. A Tembo ankakwawa kulowera kukhomo, akupempha kuti awasiye. A Kaliwo ankawatsatira, akulankhula motsitsa ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Imirira. Tsegula maso. Imirira ndikuone."

Anakweza chitsulo kulunjika pamutu. Ndinadzikolekera pamkono wawo, anandigwedeza ngati chovala. Mwini shopu, mzungu wamkulu thupi, ndi amene anawagwira chakumbuyo n'kuwanyamula m'mwamba. Ngakhale pamenepo miyendo yawo inkapalasabe.

Esinati sanamve chilichonse. Anadzutsidwa ndi apolisi pamene ankagogoda kuti aone ngati m'chipindamo muli munthu wovulala. Atatuluka anapeza ma ambulansi awiri atanyamuka kale, mwini shopu akuthira madzi pamagazi. Anaima pamasitepe nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati angagone kwanga.

A Kaliwo anathyoka nthiti zinayi, anataya mano atatu. Kukhoti sanawatsekere chifukwa cha ukalamba ndi umboni wa Esinati, koma mlandu unawatsalira, ndipo ntchito yokolopa ija inatha. A Tembo mpaka lero amayendera ndodo. Anthu akwathu anagawikana. Ena ankati mkuluyo anapulumutsa moyo wa mayi, ena ankati analanda mkazi wamwini n'kupundula mwamuna wake. Ophunzira angapo analetsedwa ndi amuna awo kubweranso.

Adokotala anauza a Kaliwo kuti aziyenda kuti mapapo atseguke, ndiye Lamlungu lina ndinawatenga pa sitima yapamtunda kupita ku Dún Laoghaire, m'mphepete mwa nyanja. Tinayenda pang'onopang'ono pa khoma lalitali lolowera m'nyanja, iwo akupuma pa benchi iliyonse. Ndinawafunsa za mawu aja ankanena atagwira chitsulo.

Anandiuza kuti m'nthawi ya chipani chimodzi, akuphunzitsa ziganizo zoyamba ndi "if", analemba pabolodi chitsanzo chonena kuti mtsogoleri akanafa anthu akanasankha wina. Sankatanthauza kanthu, ankangofuna chitsanzo choti ana achikumbuke. Mwana wina anakanena kwa bambo ake. Apolisi anadzawatenga m'kalasi choko chili m'manja. Kumene anawapititsa sanawafunse zambiri. Anangowaimika m'kachipinda kowala getsi, ndipo maso akangotsekeka ankawakwapula ndi paipi kumsana, kapena kuwathira madzi, akuwauza mawu aja ndinawamva pamasitepe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anawapatsa pepala kuti alembe m'Chingerezi kuvomera kulakwa kwawo.

"Ndinkafuna kulemba, Mayi Phiri. Ndikanavomera chilichonse. Mawu onse ndinali nawo, ndinkawaona. Koma sankagwirana. Sindinkadziwa loyamba ndi liti, lotsatira ndi liti. Zaka zonsezo ndikuphunzitsa galamala, ndinalephera chiganizo chimodzi. Anaganiza kuti ndikuchita makani, anandithyola zala ziwiri. Ngakhale Chichewa chinandithawa. Ndinawauza kuti mwendo langa likupweteka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba."

Atatopa nawo anawaponya m'selo, ndipo anagona pasimenti masiku awiri. Anati malamulo aja anabwerera limodzilimodzi, tulo tilitonse n'kubweza kenakake, mpaka patatha mwezi ankatha kupanga ziganizo zazitali m'mutu kuti nthawi idutse.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha, koma anapitiriza. Anati asanamangidwe, iwo ndi amene ankadzutsa ana ogonera pasukulu tambala asanalire, ndi chikoti, kuti akawerenge. Mwana wina anawodzera m'kalasi, anamuwomba mbama mpaka khutu linatuluka magazi, ndipo silinamvenso. Dzina la mwanayo ankalikumbukabe. Anati m'kachipinda kowala kaja ndi mmene anamvetsa chimene ankachitira ana aja.

"Ndiye bwanji simunasiye kumenya anthu, Aphunzitsi?"

Anayang'ana chipsera changa, kenako manja awo.

"Chimene ndinaphunzira ndi cha tulo basi. Dzanjali silinaphunzire kanthu."

Esinati analemba mayeso aja akuchokera kwanga, atagona masiku asanu ndi atatu osadzutsidwa ndi munthu. Anakhoza. Sanabwererenso kwa amuna ake, ndipo tsopano ndi namwino kuchipatala china kumadzulo kwa mzinda. Ine ndinalepheranso kachitatu, ndinakhoza kachinayi. Nditawauza Aphunzitsi, anangoti gawo lolemba ndikanakhoza bwino kuposa pamenepo ndikanasiya khofi. Anaphunzitsabe mpaka sabata imene anamwalira, ophunzira atatsala atatu, mawu akutulukira m'mipata ya mano.

Mwana wawo sanathe kukhalitsa pambuyo pa maliro, choncho ntchito yochotsa katundu m'fulati inagwera ine ndi Esinati. Shopu ya matayala inali itatsekedwa, chikwangwani chofuna wobwereka chitapachikidwa pawindo. M'chipinda chophunziriramo tinamaliza msanga. Kenako tinatsegula kachipinda kawo kogona, kamene palibe aliyense wa ife analowamo zaka zonsezo.

Munali bedi labwino ndithu, limene mwana wawo anawagulira asanachoke. Matiresi ake anali adakali m'pulasitiki ya kushopu, osang'ambidwa ngakhale pakona, ndipo pamwamba pake anaunjikapo mabuku ndi makope akale. Panalibe pilo, panalibe nsalu yoyala. Pakona panali mpando wathabwa wokhala ndi zogwirira, utayang'ana kukhomo. Pokhalira pake panali patalowa m'kati, zogwirira zitaperepeseka mpaka kuyera, ndipo pakhoma kumbuyo kwake panali banga lakuda lamafuta pamene ankatsamiritsa mutu. Pansi, kutsogolo kwa mpandowo, kapeti inali itabooka malo awiri, pamene zidendene zawo zinkakhala. Bulangete limodzi lopyapyala linali litapindidwa bwino pa chogwirira.

Esinati anakhudza pulasitiki ya matiresi ija ndi zala, inalira ngati yatsopano.

"Sanagonepo pano," anatero.

Tinatulutsa mabuku, tinatulutsa bedi, anthu ogula zakale anadzalitenga madzulo omwewo. Mpando palibe anaufuna. Tinausiya pakona pomwepo, utayang'ana kukhomo, m'chipinda chopanda china chilichonse.